Nyimbo Yoyambira Pakati

Lucius Nakhuwa ankagona masana. Ankagwira ntchito ya usiku pa fakitale yoluka nsalu ku Makata, ndipo anthu a ku Ndirande akamatsika kupita kuntchito, iye ndiye ankakwera mtunda, thonje lili mbuu m'tsitsi, makutu akulirabe ngati makina sanazime. Akafika pa mdadada wa nyumba za lendi pomwe ankakhala, ankasamba, kupemphera, n'kutchinga zenera ndi bulangete lakale. Dzuwa linkalowabe pa timabowo ta malata n'kumayenda pang'onopang'ono pakhoma ngati nyenyezi zosochera. Ankaziyang'ana mpaka tulo titamutenga.

M'tulo ta masana timenetu ndi mmene ankalandirira nyimbo.

Sankanena kuti amapeka. Anali wophunzitsa kwaya ya pampingo wawo, ndipo akabwera ndi nyimbo yatsopano ankangoti, "Ndapatsidwa ina." Mlongo wake Phoebe, amene ankagulitsa masamba pamsika ndipo anali ndi mawu okwera kuposa onse m'kwayamo, sankalephera kumuseka.

"Achimwene, anzanu akagona amalota akudya nyama. Inu mumalota ntchito yoti tivutike nayo ife."

"Imbani basi, achemwali. Wopereka sanandiuze kuti ndikufunseni."

Chaka chimenecho maloto ake anayamba kulumikizana, a lero kupitiriza pomwe a dzulo analekeza. Ankaona phiri la Ndirande litasanduka mzinda wa nyumba zoyera, koma zonse zopanda zitseko. Amuna a mumzindamo anali atasenza zitseko pamutu n'kupita nazo kutali kukazikonzetsa, ndipo mphepo inkalowa ndi kutuluka m'nyumba mmene yafunira. Makatani ankauluka. Nkhuku zinkagona pamipando. Mayi mmodzi ankakhala pakhomo akuyang'ana njira, ndipo ankaimba. Nkhope yake sinkaoneka bwino, koma nyimbo yake inkamveka ngati madzi othiridwa mumtsuko: inkayamba pansi, n'kumakwera, n'kumakwera, kenaka n'kuima pamwamba ngati funso. Ikatero mzinda wonse unkayankha, ndipo patali pankaoneka munthu akubwera, chitseko chili pamutu.

Lucius ankadzuka misozi ili m'masaya. Ankagwada pambali pa bedi n'kuthokoza Mulungu, amene sayang'ana kuti munthu analekeza sukulu kalasi yanji.

Masiku omwewo kukwaya kunabwera a McDonald Likaka, mphunzitsi wa ku Chilomoni amene anali wapampando wa chikondwerero cha makwaya a mipingo ya m'derali. Anali munthu wonenepa, wokonda nthabwala, ndipo ankayendera kwaya iliyonse kukafotokoza yekha malamulo.

"Chaka chatha," anatero, ataima kutsogolo kwa mabenchi, "tinaonera mwana wolowerera mobwerezabwereza mpaka nkhumba za m'seweromo tinazidziwa ndi mayina omwe. Chaka chino ayi. Tikufuna sewero la nyimbo lanulanu. Nkhani yanu, nyimbo zanu. Kutenga za m'buku, za pawailesi kapena za munthu wina n'kuzisoka zigamba si tchimo, koma si za chaka chino. Ndipo musanayambe, wophunzitsa kwaya adzaimirira pamaso pa anthu n'kunena ndi pakamwa pake kuti zimene muti mumve n'zathu. Tamvana?"

Phoebe anatsina mlongo wake pamkono. Lucius sanamve n'komwe kutsinako. Mumtima mwake munali chinthu chimodzi chokha: kuti mzinda umene ankauona yekha m'tulo, anthu auone ndi maso ali tsegule.

Seweroli analitcha Mzinda Wopanda Zitseko. Kwaya inaligwira ndi manja awiri. Amuna anayamba kubwera kopulakatiza atasenza zitseko zenizeni, ndipo a Blackson, oimba besi, anachotsa chitseko cha bafa kwawo, mayi a kunyumba n'kuwalondola mpaka patchalitchi akukalipa. Panali nyimbo yotsegulira, yoitana anthu kuti adzuke. Panali nyimbo ya amuna ali paulendo, yopondetsa mapazi pansi. Koma mtima wa sewero lonse unali nyimbo ya mayi wa pakhomo, imene ankaimba Phoebe:

Chitseko changa, chitseko changa,
wapita nacho ndani?
Mphepo yalowa, yagona pamphasa,
ine ndigona kuti?

Apa mawu ake ankaima pamwamba, ndipo kwaya yonse inkalowa ndi mbali yachiwiri:

Tamva mapazi kumtunda uko,
akutsika pang'onopang'ono.
Sesa pakhomo, konza mahinjesi,
wasenza, akubwera.

Amayi odzasesa m'tchalitchi ankaleka kusesa ikafika pamenepo. Lucius ankatsinzina, n'kumaona nyumba zoyera zija.

Chikondwerero chitayandikira, dzino linamugwira. Anabwera kuchokera ku Makata tsaya litatupa, anachukucha m'kamwa ndi madzi a mchere, anagona, koma tulo tinakana. Kwa nthawi yoyamba chisamukireni m'nyumbamo, masana anamupeza ali maso.

Nyumba za mdadada umenewo zinali ndi makoma osafika kudenga. Pakati pa khoma ndi malata panali mpata woti mphaka n'kudutsa. Kuseri kwa khoma la kumutu kwa bedi lake kunkakhala mayi wachisilamu dzina lake Mwanamisi, amene anthu ankamutchula kuti amake Asia. Ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Lucius ankangopatsana naye moni pampopi. Za mwamuna wake anangomva kuti sali pano, ndipo masiku amenewo munthu akakuuza kuti wina sali pano, sunkafunsa kuti ali kuti.

Dzuwa litafika pamutu, Lucius anamva simbi ikuikidwa pansi kuseri kwa khoma, kenaka mawu a mayi, otsika, ongoimbira m'khosi. Mawu ake anali a Chiyao, chimene iye sankachimva bwino. Koma nyimboyo anaidziwa monga munthu adziwira mapazi a m'bale wake pakhonde. Inayamba pansi, inakwera, inakwera, n'kuima pamwamba ngati funso.

Kenaka zii.

Simbi inayenda pansalu. Mayi uja anayambanso pachiyambi, n'kukaima pomwe paja. Anayambanso. Sanapitirire ngakhale kamodzi.

Lucius anakhala tsonga, dzino ataliiwala. Anakumbuka mnyamata uja wa m'Malemba amene anaitanidwa ali m'tulo n'kuthamangira kuchipinda china, poganiza kuti akumuitana ndi munthu, chonsecho anali Mulungu. Iye zinamuchitikira chammbuyo. Ankagwada kuthokoza kumwamba, chonsecho mawu ankachokera kuchipinda china, kwa mayi wosita malaya a eni.

Ndipo makutu atatseguka, anayamba kumva zonse. Wokhoma ndowa kumunsi kwa msewu ankamenya nyundo yake katatu n'kupuma, ndendende mmene amuna a m'sewero lake ankapondera mapazi. Wamakala anadutsa akufuula malonda ake, ndipo kufuulako kunakhota chimodzimodzi ndi nyimbo yotsegulira. Atatuluka kukalavula kuseri kwa nyumba, anaona zimene ankaziona tsiku ndi tsiku osaziona: zitseko zosamaliza, zoyedzamira khoma la amake Asia, zofunditsidwa masaka kuti mvula isaziwononge.

Loweruka anakwera basi mpaka m'tauni, n'kuyenda wapansi kukwera ku Chilomoni. Anawapeza a Likaka kuseri kwa nyumba akuthirira mpiru, buluku atapinda mpaka m'mawondo.

"A Nakhuwa! Mwabwera kudzandinyengerera? Sindilandira nkhuku, koma mukaisiya pakhomo sindiithamangitsa."

Lucius anayesa kuseka. Atakhala pampando, anafotokoza zonse, kuyambira pa dzino mpaka pa zitseko zofunda masaka. A Likaka anamvetsera, kheni ili m'manja, madzi akudontha pa phazi lawo.

"Tiyeni tiyambe ndi zopepuka," anatero. "Nyundo ilibe nyimbo. Wamakala akugulitsa makala, sakuimba. Zimenezo mwatola, monga mmene munthu amatolera nkhuni, ndipo moto wake ndi wanu. Nkhani ya mayi wodikira mwamuna wake, ha, imeneyo ili m'nyumba zambiri kuyambira pano mpaka ku Bangwe. Ndani angati ndi yake? Amene anapanga chinthu popanda kutola kanthu ndi Mmodzi yekha, a Nakhuwa. Enafe timaumba ndi dothi lomwe tapeza."

"Ndiye sewero ndi lathu?"

"Dikirani, sindinamalize. Nyimbo yathunthu, yokhala ndi mutu ndi miyendo, mwini wake akusita kuseri kwa khoma lanu, imeneyo si nkhuni. Imeneyo ndi nyumba ya munthu. Mwangoipaka laimu ndi mawu a Chichewa."

"Sindinabe, aphunzitsi. Ndinali m'tulo."

"Ndikudziwa. Koma pano mwadzuka." A Likaka anaika kheni pansi, ndipo nkhope yawo inafewa. "Njira ilipo. Nyimboyo sinaimbidwepo pagulu, si ya m'buku, si ya pawailesi. Kapempheni. Mwini wake akalola, tidzatchula mayina awiri m'holo, kuti opeka ndi awa ndi awa, ndipo sewero lidzakhala latsopano ndithu. Akakana, simungaimirire n'kunena kuti n'zathu. Ine sindikanadziwa. Koma inu simunakwere phiri lonseli chifukwa choopa ine."

Mwamuna sakanapita yekha kwa mayi amene bambo a pakhomo kulibe, choncho Lucius anatenga Phoebe. Anapita Lolemba madzulo, dzuwa likupendeka. Mwanamisi anawayalira mphasa pakhonde, anakonza mpango wake, n'kukhala chapatali pang'ono, manja ali pamiyendo.

"Kwagwanji, aneba? Kapena utsi wa simbi ukukuvutani?"

"Ayi, amake Asia, n'kwabwino," anatero Lucius. Anatembenukira kwa Phoebe.

"Achimwene angawa amalankhula bwino akakhala m'tulo," anatero Phoebe. "Lekani ndingokuimbirani, mumva nokha."

Anaimba motsitsa, kuti a pakhomo lina asamve. Pa mzere woyamba Mwanamisi anadzutsa mutu. Pa wachiwiri anagwira pakamwa. Phoebe anafika pamwamba paja, ndipo pokhala panalibe kwaya, anapitiriza yekha mbali yachiwiri, ya mapazi otsika kumtunda. Atamaliza, kunamveka nyundo ya wokhoma ndowa yokha.

"Ndiye mumandimva," anatero Mwanamisi. "Ine ndinkati mumakhala mutagona."

"Ndimakhala nditagona, mayi. Inkandipeza komweko." Lucius anafotokoza za sewero, za lamulo la chaka chino, ndi za mayina awiri. "Tabwera kudzapempha. Mukalola, dzina lanu lidzatchulidwa limodzi ndi langa."

Mwanamisi anayang'ana njira, kumtunda ndi kumunsi, kenaka anasendera pafupi ndi Phoebe.

"Si yanga," anatero chapansipansi. "Ine ndinangoikamo mawu, monga mwachitira inumu. Ndi ya bambo ake Asia, Che Hamis. Anali kalipentala. Akamapala thabwa ankaimba mluzu, dzanja likamapita mluzu ukukwera, likamabwerera ukutsika. Imeneyi anali atangoiyamba kumene sabata imeneyo. Ndinkawaseka kuti nyimbo yanuyi bwanji ilibe mchira? Iwo amvekere, dikira, ndiimaliza pamodzi ndi zitsekozi." Anayang'ana zitseko zofunda masaka zija. "Tsiku limenelo ndinali m'nyumba. Ndinamva mluzu ukukwera, wafika pamwamba paja, ndiye ndinamva galimoto yaima. Mluzu sunatsikenso. Anabwera anthu n'kuwatenga, anati akukangowafunsa mafunso."

Palibe amene anafunsa kuti anthu ake ati.

"Ndiye ine ndimaimba mpaka pomwe anasiyira. Kupitirira pamenepo sindidziwa."

"Pepani, mayi," anatero Lucius. "Nanga titatchula dzina lawo iwowo?"

"Aneba, dzina limenelo pamsewu uno silitchulidwa. Ndiye mukalitchule m'holo, pamaso pa anthu osawadziwa? Ndili ndi mwana ine."

"Ndiye titchule lanu," anatero Phoebe.

"Mukanama. Si yanga."

"Nanga tikangoimba osatchula aliyense? Ndani angadziwe? Mawu ndi ena, chilankhulo n'china."

"Pamenepo wonama ndikhala ine," anatero Lucius.

Mwanamisi anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba m'maso. "Ndikanakhala mwini wake ndikanakupatsani, Mulungu ndi mboni. Mlongo wanuyu waimba mpaka ndamva fungo la matabwa. Koma ndangosungitsidwa. Mwini wake sindingamufunse, ndipo sindingapereke kanthu kake iye kulibe." Kenaka anafunsa mwamanyazi, "Koma mbali inayo, ya mapazi, mwaitenga kwa ndani? Ine sindinaimvepo. Ngakhale bambo ake Asia sanafikeko."

"Sindikudziwa, mayi."

"Analota," anatero Phoebe, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndi ntchito yawo imeneyo."

Atatuluka pamsewu, chisoni cha Phoebe chinasanduka mkwiyo.

"Ndiye titani, achimwene? Kuchotsa nyimbo imeneyi n'kuchotsa sewero. Anthu asiya ntchito zawo miyezi yonseyi. A Blackson banja lagwedezeka chifukwa cha chitseko cha bafa. Mukawauza chiyani? Kuti dzino lanu lathetsa zonse? Mukanangolizula msanga!"

"Ndipeka ina."

"Inu? Mupeka? Munayamba mwapekapo muli maso?"

Lucius anadziwa kuti Phoebe ankanena zoona. Anayesa. Anayesa ali pamakina, anayesa akukwera mtunda, koma chilichonse chimene ankang'ung'udza chinkakhota n'kukathera mu mluzu wa Che Hamis. Anapemphera kuti ngati mzinda uja sunali woti anthu auone, Mulungu amuchotsere chilakolakocho mumtima. Chilakolako sichinachoke.

Ndipo panali china chimene chinamupweteka kuposa. Kuyambira tsiku limene anapita kukapempha, kuseri kwa khoma kunati zii. Simbi inkayenda, madzi ankathiridwa, mwana ankaitanidwa, koma nyimbo ayi. Mayi uja, atadziwa kuti khoma lili ndi makutu, analeka. Lucius anaona kuti sanatenge nyimboyo kupita nayo ku Chilomoni, komabe anali atailanda pakamwa pa woisunga.

Dzino litapola, tulo tinabwerera, ndipo tsiku lina masana mzinda uja unabweranso. Nyumba zoyera zinali pomwepo, makatani akuuluka. Mayi uja anali pakhomo akuyang'ana njira. Anatsegula pakamwa, koma simunatuluke mawu. Lucius anadikira m'malotomo kuti mzinda ubalalike. Sunabalalike. Anthu onse anaima pamakomo awo opanda zitseko, akumvetsera kanthu kosamveka, mitu ikuweyuka pang'onopang'ono ngati chimanga pakamphepo. Anaona chifuwa cha mayiyo chikukwera, chikukwera, n'kuima. Pomwepo mzinda wonse unayankha, ndipo mapazi anamveka kumtunda.

Anadzuka thukuta lili kamukamu. Nyenyezi za m'malata zinali zitafika kumapazi kwa bedi. Anagwada, ndipo ulendo uno sanafulumire kunena kumene lotolo lachokera. Anangothokoza.

Kwaya sanaiuze dzina la aliyense. Anangoti mbali yoyamba ya nyimbo ya mayi wa pakhomo yapezeka kuti ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo sangafunsidwe.

"Ndiye tiimba chiyani pamenepo?" anafunsa a Blackson.

"Palibe. Achemwali adzakhala pakhomo n'kuiimba mumtima, yonse, osafulumira. Inunso nonse mumtima. Ikafika pamwamba, tilowe."

"Anthu adzati taiwala."

"Adzatero."

"Ine kukhala chete pamaso pa anthu?" anatero Phoebe. "Achimwene, chozizwitsa chimenecho ngakhale amayi athu anachipempherera osachiona."

Anaseka onse, ndipo anayesa. Ulendo woyamba analowa mosiyanasiyana ngati mbuzi zotuluka m'khola. Anayesanso. Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira kupumira limodzi, mpaka Lucius analeka kukweza dzanja.

Tsiku la chikondwerero holo ya ku Chilomoni inadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Ana anakhala m'mazenera. Makwaya a ku Zingwangwa ndi ku Bangwe anaonetsa masewero awo, ena okoma, ena oti mwana wolowerera anangomusintha dzina n'kumuveka chipewa. Itafika nthawi ya Ndirande, a Likaka anaitana wophunzitsa kwaya kuti anene mawu aja. Lucius anaimirira, atavala buluku lake la Lamulungu.

"Zimene muti mumve n'zathu," anatero. "Zimene simumva si zathu."

Anthu ena anaseka, poyesa nthabwala. A Likaka anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagwedeza mutu n'kukhala pansi.

Nyimbo yotsegulira inadzutsa holo. Amuna anadutsa pansanja zitseko zili pamutu, mapazi akugunda katatu n'kupuma, ndipo ana a m'mazenera anayamba kuwomba m'manja motsatira. Amuna aja anatsika pansanja, anadutsa pakati pa anthu, n'kutulukira khomo la kumbuyo. Pansanja panatsala amayi okhaokha, aliyense ataima m'mphuthu yopanda chitseko, nsalu zoyera zikuweyuka kumbuyo kwawo. Phoebe anakhala pansi pakhomo lake. Anayang'ana njira. Anakoka mpweya.

Sanaimbe.

Poyamba anthu anadikira. Kenaka mabenchi anayamba kulira. Wina anatsokomola. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa, "Waiwala!" ndipo kunamveka kuseka. Phoebe sanatembenuke. Milomo yake inali yotseka, koma khosi lake linkayenda, ndipo amayi onse a pansanja ankaweyuka pamodzi, kumanja, kumanzere, motsatira kanthu kamene holo sinkakamva. Kuseka kunazilala. Mayi wina wa pabenchi lakutsogolo, amene mwamuna wake anapita ku Joni kalekale, anayamba kuweyuka nawo osadziwa. Wina pambali pake anachita chimodzimodzi. M'holo imeneyo munali anthu ambiri odziwa kudikira, ndiponso odziwa kusunga mawu m'kamwa, ndipo aliyense anaika m'chete umenewo zimene anabwera nazo. Kunja nkhunda zinkayenda padenga. Zinkamveka zala zake pamalata.

Chifuwa cha Phoebe chinakwera, chinakwera, n'kuima.

Tamva mapazi kumtunda uko,
akutsika pang'onopang'ono.

Amayi anayamba, ndipo kuchokera panja amuna anayankha ndi mawu okhuthala. Anthu onse anatembenuka. Pakhomo la kumbuyo, m'kuwala kwa dzuwa, munaima munthu atasenza chitseko, nkhope yake yosaoneka chifukwa cha kuwalako. Anali a Blackson ndi chitseko chawo cha bafa, koma palibe anaseka. Lucius, ataima pambali pa nsanja, anaona nyumba zoyera zija, ndipo anaona kuti sakuziona yekha.

Oweruza sanawapatse malo oyamba. Anati sewero linali latsopano ndithu, koma nyimbo yake yaikulu inachedwa kuyamba ndipo inayambira pakati. A Likaka anamupeza Lucius panja akumanga zitseko pawilibala.

"A Nakhuwa, mwandipatsa ntchito. Komiti ikufunsa ngati kukhala chete n'kwatsopano kapena mwakutenga kwina." Anamina m'kansalu kawo, maso ali ofiira. "Ndawauza kuti ndifufuza."

Mawa lake, atabwera kuchokera kutchalitchi, Lucius anapeza Mwanamisi akuyanika zovala pachingwe cha pakati pa nyumba zawo. Anapatsana moni. Mayiyo anafinya malaya, anawakung'untha, osamuyang'ana.

"Ndamva kuti zinayenda, aneba."

"Zinayenda, amake Asia. Ya bambo sitinaikhudze. Tinayambira pomwe iwo anasiyira."

Mwanamisi anagwedeza mutu. Anatenga malaya ena m'beseni.

"Mbali inayo," anatero Lucius, "ya mapazi ija. Ngati mukuifuna, ndi yanu. Achemwali atha kubwera kudzakuphunzitsani. Mutha kuikamo mawu a kwanu."

Mayiyo anaima, malaya onyowa ali m'manja, madzi akudontha m'fumbi. Anayang'ana kumtunda, kumene njira imatsika kuchokera kuphiri. Kunkatsika amayi awiri osenza nkhuni, ndi galu.

"Sungani kaye," anatero. "Mwina iwo ali ndi mathero awo. Akabwera n'kupezeka kuti alibe, Mulungu akalola, tidzabwera awiri kudzapempha."